Ndiwete nsomba ziti za m'galasi zoti ndizigulitsa kuno ku Mulanje?

Funso lachokera kwa bambo wina wa ku Chitakale, m'boma la Mulanje. Iwo alemba kuti: "Ndakhala ndikusunga nsomba zokongoletsa m'nyumba kwa chaka ndi theka, m'thanki imodzi yagalasi ya malita 80. Alendo akabwera amachita nazo chidwi, ndipo ena amafunsa ngati ndingawagulitseko. Ndasunga kandalama pang'ono ndipo ndikufuna kuyamba kuzichulukitsa kuti ndizigulitsa. Mnzanga wina akuti ndiyambe ndi discus poti ndi zodula, wina akuti mbuna poti ndi zakwathu, koma zimene ndili nazo ndi ma guppy ndi ma goldfish awiri. Chaka chatha mu Julayi zina zinafa zitatuluka timadontho toyera. Kodi ndisankhe mtundu uti kuti mpamba wanga usalowe m'madzi?"

Bambo, zikomo chifukwa cha funso lanu, ndipo ndiyambe ndi kukulimbitsani mtima. Munthu amene wasunga nsomba zamoyo m'galasi kwa chaka ndi theka wadutsa kale pamene ambiri amagonjera m'miyezi yoyambirira, chifukwa wadziwa kudyetsa mosapyola muyeso ndi kusintha madzi pa nthawi yake. Imfa za mu Julayi zija sizikusonyeza kuti mulibe dzanja la nsomba. Zikukuonetsani chinthu chimene chiyenera kutsogolera chisankho chanu chonse, chomwe ndi kuzizira kwa kwathu kuno. Pa zaka zimene ndakhala ndikuweta nsombazi ndi kulangiza oyamba kumene, ndaona kuti amene amasankha mtundu potengera mtengo umene wauona m'sitolo ku Blantyre amataya ndalama, pamene amene amayamba wadzifunsa kuti ndi nsomba iti ingapirire chiperoni magetsi atathima, ndiponso kuti adzaigula ndani, bizinesi yake imakhazikika ngakhale ikhale yaing'ono.

Timadontho toyera tija ndi tizilombo timene timakanirira pakhungu ndi pa zipsepse, ndipo timagwira msanga nsomba zimene zafooka chifukwa madzi azizira mwadzidzidzi. Nsomba zambiri za m'magalasi zinachokera kumadera otentha ndipo zimafuna madzi a pakati pa madigiri 24 ndi 28. Kuno m'tsinde mwa phiri, kuyambira Meyi mpaka Ogasiti, chiperoni chikamangirira masiku angapo dzuwa osaoneka, usiku kumazizira kufika cha m'ma madigiri 12, ndipo thanki yaing'ono imene ili pafupi ndi zenera imatsatira kuzizirako m'maola ochepa chabe. Hita imathandiza, koma muiwerengere bwino musanaidalire. Mwachizolowezi timaika wati imodzi pa lita imodzi ya madzi, kutanthauza kuti mathanki 5 a malita 100 adzafuna mawati 500, ndipo batire ya sola ya pakhomo singapirire mphamvu imeneyi usiku wonse magetsi a ESCOM akathima. Pampu ya mpweya ndi yosiyana, chifukwa yaing'ono imadya mawati ochepa kwambiri, moti batire yomweyo ikhoza kuiyendetsa mpaka kucha pamodzi ndi masefa a siponji. Choncho nsomba imene imangofuna mpweya ndi madzi oyera mungaiwete ndi mtima uli m'malo, koma imene moyo wake uli pa hita idzakusowetsani tulo miyezi inayi chaka chilichonse.

Madzi nawo muwadziwe. Amene amatsika m'phiri la Mulanje kudzera m'mitsinje monga Likhubula, Lichenya ndi Ruo amayenda pa miyala yosasungunuka msanga, choncho amakhala opanda mchere wambiri wa m'nthaka, pamene a pa mjigo nthawi zambiri amakhala nawo wochulukirapo. Gulani kachipangizo koyezera pH, womwe ndi muyeso wosonyeza kuchuluka kapena kuchepa kwa asidi m'madzi, muyeze madzi amene mudzagwiritse ntchito tsiku ndi tsiku, ndipo muyezenso m'dzinja chifukwa mvula imawasintha. Ngati ndi a pa mpopi othira kolorini, asiyeni m'mgolo wosavundikira kwa tsiku limodzi kapena awiri, pampu ya mpweya ikuwavundula, musanawathire m'thanki. Madzi a mumtsinje wodutsa m'minda imene amapoperamo mankhwala musawakhulupirire ngakhale aoneke oyera ngati galasi.

Tsopano tibwere kwa ogula, pamene anthu ambiri safuna kukhalitsapo. Guppy yaikazi imodzi imabereka ana 20 mpaka 40, nthawi zina kupitirira, pa milungu inayi iliyonse. Zazikazi 6 zokha zingakupatseni ana oposa 100 mwezi uliwonse. Kodi pa Chitakale, pa Boma, pa Limbuli ndi ku Luchenza pali anthu angati amene ali ndi thanki m'nyumba? Alendo anu amene akufunsawo adzagula zisanu kapena khumi kamodzi, ndipo popeza ma guppy amaswana okha, pakatha miyezi itatu sadzafunanso ena. Mukudziwa mmene zinanazi zimagwera mtengo m'mbali mwa msewu zikapsa nthawi imodzi. Nsomba zosagulidwa zimapweteka kuposa pamenepo, chifukwa zimapitiriza kudya, kuipitsa madzi ndi kupanikiza zinzake mpaka matenda atabuka.

Ndiye musanagule thanki yachiwiri, kwerani minibasi mupite ku Limbe ndi ku Blantyre, mukacheze ndi amene amagulitsa nsombazi. Mukawafunse kuti ndi mtundu uti umatha msanga, amaupeza kuti, amafuna nsomba za msinkhu wanji, angatenge zingati pa mwezi, ndiponso ngati amalipira pompopompo kapena akagulitsa. Mudziwiretu kuti mtengo wopikulitsa umakhala wotsika kwambiri kusiyana ndi umene walembedwa pagalasi, chifukwa mwini sitolo amawerengeranso lendi, magetsi ndi nsomba zimene zidzamufera. Mukayenderenso malo ogona alendo ozungulira phiri, maofesi, zipatala zapadera ndi sukulu zimene zingafune thanki pamalo ofikira alendo. Makasitomala amtunduwu ndi abwino chifukwa kawirikawiri safuna nsomba zokha ayi, amafunanso munthu wobwera kamodzi pa mwezi kudzatsuka sefa ndi kusintha madzi, ndipo ndaona oweta angapo akupeza ndalama yodalirika pa ntchito yosamalirayi kuposa pa nsomba zenizenizo.

Maganizo anga ndi akuti muyambe ndi nsomba zobereka ana amoyo, makamaka platy, kenako guppy amene muli naye kale. Platy anachokera ku Mexico ndi mayiko oyandikana nawo, ndipo amapirira madzi ozizirirapo, a madigiri 20 kapena kutsikirapo pang'ono, kusiyana ndi ma guppy a michira ikuluikulu amene amafooka msanga. M'chipinda chotseka bwino, thanki itakulungidwa m'mbali zitatu ndi makatoni kapena bulangete lakale ndi kuvundikiridwa pamwamba usiku, platy amadutsa Julayi popanda vuto lalikulu, kungoti kubereka kumachepa mpaka kutafunda. Ana ake amabadwa akusambira ndipo tsiku lomwelo amadya chakudya chanthawi zonse mutachipera ndi zala, choncho simufunika kuweta tizilombo tapadera towadyetsa. Ngati madzi anu ndi a m'phiri aja, ikani m'sefa kathumba ka zigoba za nkhono zophwanya zotsukidwa bwino, chifukwa nsomba zamtunduwu zimakonda madzi okhala ndi mchere wa m'nthaka pang'ono.

Chimene chidzasiyanitse nsomba zanu ndi za wina aliyense ndi kusunga mtundu umodzi woyera. Ma guppy osakanikirana, ena otuwa ena amathothomathotho, aliyense ali nawo ndipo sitolo siwalabadira. Koma mukabweretsa 30 ofanana msinkhu, onse ofiira kapena onse amchira wabuluu, wogula amaona kuti apa pali mlimi wodziwa ntchito. Kuti zimenezi zitheke, mudziwe kuti yaikazi ikakumana ndi yaimuna kamodzi imasunga mbewu m'thupi n'kuberekera nayo maulendo angapo, choncho yaikazi yochokera m'thanki yosakaniza singakupatseni ana odalirika. Muzilekanitsa ana aamuna ndi aakazi akakwana milungu inayi kapena isanu. Mukayang'anitsitsa pansi pa mimba, chipsepse cha yaimuna chimayamba kusongoka ngati kandodo, pamene cha yaikazi chimakhalabe chotambasuka, ndipo yaikazi ya guppy imaonetsa kadontho kakuda kumbuyo kwa mimba. Pa yaimuna imodzi yosankhidwa ikani zazikazi zitatu kuti isazunze imodzi yokha. Makolo amadya ana awo, ndiye m'thanki yoberekera muikemo zomera za m'madzi zowirira kapena mtolo wa ulusi wa thumba latsopano lotsukidwa kuti ana abisalemo, ndipo namasupuni musamubweretse pakhomo ngakhale mizu yake ndi yabwino pobisala, chifukwa mavuto amene wachititsa mu mtsinje wa Shire tonse tikuwadziwa. Pakatha chaka, pezani yaimuna ya mtundu womwewo kuchokera kwa woweta wina. Mukapitiriza kukwatitsa pachibale mudzayamba kuona ana opindika msana ndi ofooka, ndipo otere sayenera kugulitsidwa kapena kusiyidwa kuti aberekane.

Pa ntchito imeneyi mathanki anayi akukwanirani: imodzi ya makolo, imodzi ya ana aang'ono, ndi ziwiri zokulitsira aamuna ndi aakazi padera. Zokulitsirazo sizifunika kukhala zagalasi, mabeseni aakulu apulasitiki amene sanalowemo sopo amagwira ntchito. Thanki yatsopano iliyonse imafuna milungu inayi mpaka isanu ndi umodzi kuti tizilombo tabwino timene timasandutsa zonyansa za nsomba tikhazikike m'sefa, koma mungafupikitse nthawiyi pofinyira siponji ya m'thanki yakale m'madzi atsopanowo.

Ma goldfish anu awiri aja ndi mwayi wina, koma achotseni kwa ma guppy, chifukwa amakula kwambiri, amaipitsa madzi msanga ndipo amadya ana a anzawo. Goldfish anachokera ku China ndipo kuzizira kwa Mulanje sikumuopsa n'komwe, moti mungamuwete panja chaka chonse popanda hita. Amafuna malo, ndiye ngati muli ndi bwalo mangani thanki ya simenti, muidzaze ndi kutaya madzi kangapo kwa milungu ingapo musanaikemo nsomba, chifukwa simenti yatsopano imatulutsa laimu amene amapha. Ma goldfish amaikira mazira kukayamba kufunda, cha mu Seputembala ndi Okutobala. Nthawi imeneyo yaimuna imatuluka timatuza toyera pamasaya ndi pa zipsepse zakutsogolo zokha, ndipo musatisokoneze ndi matenda aja a mu Julayi, amene amamwazika thupi lonse. Mazira amamatirira pa zomera, amaswa pakatha masiku atatu kapena asanu, ndipo amakhala mazanamazana, koma makolo muwachotse akangomaliza kuikira kuti asawadye. Vuto lake ndi nthawi. Ana amabadwa otuwa ngati matemba ndipo amatenga miyezi kuti afiire, ena safiira n'komwe, ndipo ambiri amatuluka ndi michira yosaoneka bwino. Pamwamba pa thanki pamafunika waya kapena ukonde chifukwa nantchengwa, akakowa ndi ng'azi sizichedwa kudziwa pamene pali chakudya.

Za discus ndisatalikitse. Amachokera ku mtsinje wa Amazon, amafuna madzi a madigiri 28 mpaka 30 usana ndi usiku, amafuna kusinthiridwa madzi pafupipafupi, ndipo usiku umodzi wa chiperoni wopanda magetsi ungathe kumaliza mpamba wanu wonse. Ogula ake m'dziko muno ndi owerengeka. Angelfish ndi wofatsirapo ndipo madzi a m'phiri amamuyenera, koma nayenso amadalira hita, ndipo ana ake amafuna chakudya chamoyo masiku oyambirira. Betta amakopa maso, koma aamuna amamenyana akakula, moti aliyense amafuna botolo lakelake, ndipo kufunditsa ndi kusintha madzi m'mabotolo makumi asanu mu Juni si ntchito ya munthu amene m'mawa amapita kuntchito ina. Akuluakulu anati ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada, ndipo oweta ambiri amagwa chifukwa chokhala ndi mitundu isanu ndi iwiri m'chaka choyamba popanda umodzi umene aufikitsa pamsika.

Mnzanu wa mbuna uja sanalakwe, kungoti wafulumira. Mbuna ndi nsomba za m'miyala ya m'nyanja ya Malawi zimene oweta a ku Ulaya, America ndi Asia amazikonda kwambiri, ndipo zimandimvetsa chisoni kuti m'nyumba zambiri za kuno muli nsomba za kunja pamene zathu zikukongoletsa nyumba za ku Germany. Ndingakondwe mutaziweta m'chaka chachiwiri, mutapeza kale ogula ndi njira yodalirika yofunditsira thanki imodzi yaikulu. Muyambe ndi yachikasu yotchedwa Labidochromis caeruleus, yochokera cha ku Nkhata Bay, chifukwa ndi yofatsa poyerekeza ndi zinzake ndipo yaimuna ndi yaikazi zonse ndi zowala, kutanthauza kuti ana onse amagulika. Imafuna thanki ya malita 200 kapena kuposa, yokhala ndi miyala yosanjikiza yobisalamo, yaimuna imodzi pa zazikazi zitatu kapena zinayi, madzi osatsika pa madigiri 23, ndi pH ya pakati pa 7.5 ndi 8.5, choncho zigoba zija zimafunika zambiri. Yaikazi imafungatira mazira m'kamwa monga achitira chambo. Mudzaiona khosi litatupa, ikutafuna pang'onopang'ono ngati ikugubuduza kanthu, ikufika pa chakudya koma osadya, ndipo imakhala choncho pafupifupi milungu itatu. Mukaisamutsira m'kathanki kayokha m'mlungu wachitatu, m'mawa wina mudzapeza ana 10 kapena 20 akuluakulu ndithu atandanda pansi pafupi ndi mayi wawo, okonzeka kudya chakudya chopera. Kuchepa kwa anawo n'kumene kumasunga mtengo wake, ndipo simudzapezeka ndi mabeseni odzaza nsomba zosowa wogula.

Pa mbuna pali zinthu ziwiri zimene zimawononga oweta. Choyamba ndi kusakaniza mitundu m'thanki imodzi yoberekera, chifukwa zimakwerana n'kubala ana osadziwika mtundu amene wodziwa nsomba sangawagule. Chachiwiri ndi chakudya. Mbuna zambiri m'nyanja zimadya ndere za pa miyala, ndiye mukazizoloweza ufa wa usipa wambiri kapena nyama, zimatupa mimba n'kufa. Zipatseni chakudya chokhala ndi zamasamba zambiri, pang'onopang'ono. Maloto otumiza nsombazi kunja muwaike pambali, popeza ntchitoyo imachitidwa ndi makampani okhala ndi ziphaso a m'mbali mwa nyanja, monga cha ku Senga Bay ku Salima, ndipo kunjako mitundu yodziwika amaiweta kale okha yambirimbiri.

Apa ndi pamene malamulo akulowera, ndipo ndikupemphani kuti musawapeputse. Lamulo loteteza ndi kusamalira nsomba la 1997 limapatsa Dipatimenti ya za Usodzi mphamvu pa kulowetsa nsomba zamoyo m'dziko, kuzitulutsa, ndi kuzisamutsa kuchoka m'madzi ena kupita m'madzi ena. Mbuna muzigule kwa munthu wokhala ndi chilolezo kapena kwa woweta mnzanu, osati kwa anyamata a pagombe, makamaka ku Cape Maclear kumene kuli malo otetezedwa a Lake Malawi National Park, amene anakhazikitsidwa mu 1980 ndipo UNESCO inawaika pa mndandanda wa malo ofunika padziko lonse mu 1984. Nsomba zodutsa pa chipata cha m'malire cha Muloza kapena zobwera pa basi kuchokera ku Johannesburg popanda mapepala musazilandire. Koi, nsomba yokongoletsa yooneka ngati goldfish wamkulu, musamuyambe musanafunse, chifukwa ndi mtundu wa nsomba yakunja yotchedwa carp imene boma linaletsa pofuna kuteteza nsomba za m'nyanja yathu. Pitani ku ofesi ya za nsomba ya pa Boma muwafotokozere zimene mukufuna kuchita, akuuzeni chimene chikufunika pa mitundu imene mwasankha. Thanki yapanja muimange pamtunda, milomo yake yokwera, ndi sefa pa paipi yotayira madzi. Tonse tikukumbukira mmene madzi anasefukira mu Malichi 2023 pa namondwe Freddy, ndipo guppy kapena goldfish akalowa mu Ruo, amene amakathira mu Shire ku Chiromo, palibe amene angamutulutsemo. Nsomba zotsala musazitaye mumtsinje kapena m'ngalande.

M'nyumba, mdani wamkulu wa nsomba ndi mankhwala a udzudzu. Neti yonyikidwa m'mankhwala musaigwiritse ntchito powola nsomba, povundikira thanki kapena posefa madzi, ngakhale ikhale yakale yochapidwa kangapo. Popopera m'chipinda, zimitsani pampu ya mpweya ndi kuphimba thanki ndi pulasitiki mpaka fungo litatha. Ponyamula nsomba kupita nazo m'tauni, musazidyetse kwa tsiku limodzi, muziike m'jumbo yolimba iwiri yolowetsana, gawo limodzi madzi magawo awiri mpweya, muike m'katoni, ndipo munyamuke m'mamawa kuti mudutse msewu wa Midima dzuwa lisanakwere. Nsomba iliyonse yatsopano imene mwagula ikhale payokha milungu itatu isanakumane ndi zinzake. Nthawi yabwino yoyamba zonsezi ndi Seputembala, kuti ana akule m'nyengo yotentha ndi kufika pa msinkhu wogulitsa chisanu chisanabwerenso.

Matenda a timadontho toyera mungathe kuthana nawo nokha pokweza kutentha kwa madzi pang'onopang'ono ndi kugwiritsa ntchito mankhwala ogulitsidwa m'masitolo a nsomba motsatira malangizo ake. Koma mukaona zilonda zofiira zakuya pathupi la nsomba, kapena zambiri zikufa tsiku limodzi popanda chifukwa chooneka, siyani kugulitsa nthawi yomweyo, zakufazo muzikwirire, madzi ake muwathire pamtunda kutali ndi mtsinje, ndipo mukadziwitse alangizi a za nsomba, chifukwa matenda a zilonda otchedwa EUS anapezeka m'dziko muno mu 2020, kuyambira ku Mchinji, ndipo amafala kudzera m'madzi ndi m'nsomba zosamutsidwa. Inunso mudzisamale. Zimitsani hita ndi kuzula pulagi musanapise dzanja m'thanki, musagwire madziwo muli ndi bala, ndipo mukatuluka kachotupa kapena chilonda pa chala chimene sichikupola pakatha milungu iwiri kapena itatu, pitani kuchipatala mukawauze adokotala kuti mumagwira madzi a nsomba za m'galasi, chifukwa pali kachilombo ka m'madzi oterewa kamene kamafuna mankhwala akeake.